Mmene kompyuta ya 1982 imadzukira m'kati mwa laputopu ya lero

Mukatsegula pulogalamu yotchedwa VICE pa laputopu ya masiku ano, pamabwera kawindo ka buluu wakuda, kozunguliridwa ndi buluu wina wowalirapo. Pamwamba palembedwa kuti makinawa ali ndi 64K ya memory, malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito, ndipo mabayiti 38911 ndi amene mungagwiritse ntchito. Pansi pake pali liwu limodzi lokha, READY, ndi kabokosi kakang'ono kongophethiraphethira, kudikira kuti mulembe. Palibe chithunzi choti mudine, palibe uthenga wokuuzani kuti pali zatsopano zoti mupange dawunilodi. Imeneyi ndi nkhope ya Commodore 64, kompyuta yomwe inatuluka mu 1982. Tsiku loyamba kuiona ndinalemba PRINT 2+2, ndipo inayankha 4 nthawi yomweyo, kenako READY kachiwiri. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti yankholo silinachokere mu vidiyo kapena chithunzi chojambulidwa kale. Malangizo omwewo amene mainjiniya a Commodore anaika m'makina aja ndi amene anawerengera samuyo, mu laputopu yomwe ilibe kachitsulo ngakhale kamodzi kochokera ku Commodore.

Pulogalamu yotere amaitcha emulator, kutanthauza chotsanzira. Ntchito yake ndi kuchititsa kompyuta ina kukhala ndi khalidwe la kompyuta inzake, mpaka mapulogalamu olembedwera yakaleyo osazindikira kuti asamutsidwa. Pali DOSBox ya mapulogalamu a MS-DOS (dongosolo lomwe linkayendetsa makompyuta ambiri Windows isanatchuke), Fuse ya kompyuta ya ZX Spectrum, WinUAE ya kompyuta ya Amiga, Mini vMac ndi Basilisk II za Macintosh, 86Box ya makompyuta a mtundu wa IBM PC, ndi MAME, yomwe Nicola Salmoria anayamba mu 1997 pofuna kusunga makina a masewera koma lero imatsanziranso makompyuta ochuluka zedi.

Kuti timvetse mmene zimathekera, tiyambe ndi purosesa, kachipangizo komwe kamachita malangizo a pulogalamu m'kati mwa kompyuta. Purosesa sidziwa mawu kapena zithunzi. Imangotenga nambala mu memory, n'kuona kuti nambalayo ikulamula chiyani, n'kuchita, n'kupita pa nambala yotsatira. Purosesa ya MOS 6502, yomwe inali mu Apple II ndiponso, itasinthidwa pang'ono n'kutchedwa 6510, mu Commodore 64, ikakumana ndi nambala 169 imadziwa kuti yauzidwa kutenga nambala yotsatirayo n'kuiika m'kathumba kake ka m'kati kotchedwa A. Ikakumana ndi 141 imadziwa kuti yauzidwa kutenga zomwe zili m'kathumba ka A n'kukazisiya pamalo ena mu memory. Wolemba emulator amakhala pansi ndi mndandanda wa malamulo onsewa n'kulemba pulogalamu yochita chimodzimodzi: ukaona 169 chita chakuti, ukaona 141 chita chakuti. Memory ya 64K imangokhala ngati mzere wa timabokosi 65,536 m'kati mwa memory ya laputopu, yomwe ndi yaikulu kuchulukitsa kambirimbiri. Gawo limeneli ndi lophweka ndithu, moti ophunzira zamakompyuta ambiri amalilemba pongofuna kudziyesa.

Njira yowerenga lamulo limodzilimodzi imeneyi imachedwa ngati makina otsanziridwawo ndi amphamvu, choncho pali njira ina yomasulira chigawo chonse cha malamulo kamodzi n'kuchisunga kuti chikafunikanso chisamasuliridwenso. QEMU, yomwe Fabrice Bellard anayamba mu 2003, imagwira ntchito motero. Makampani akuluakulu nawonso amadalira nzeru yomweyi. Apple itasiya mapurosesa a Motorola 68000 n'kupita ku PowerPC mu 1994 inaika emulator m'kati mwa Macintosh kuti mapulogalamu akale apitirire kuyenda, ndipo inachitanso chimodzimodzi pogwiritsa ntchito Rosetta mu 2006 ndi Rosetta 2 mu 2020. Anthu ambiri agwiritsapo ntchito chotsanzira osadziwa n'komwe.

Vuto lenileni ndi nthawi

Kompyuta si purosesa yokha. Pali tizipangizo tina ta magetsi totchedwa chip: china chojambula pa sikirini, china chotulutsa mawu, china chomvera kiyibodi, china cholankhula ndi disiki, ndipo zonsezi zimayendera kugunda kwa wotchi imodzi ngati ovina omvera ng'oma imodzi. Commodore 64 inkagunda pafupifupi ka 1 miliyoni pa sekondi. Lamulo la 169 lija limatenga kugunda kuwiri, la 141 limatenga kanayi. Munthu angaganize kuti zimenezi zilibe ntchito malinga yankho latuluka lolondola. Koma olemba mapulogalamu a nthawi imeneyo ankawerenga kugunda kulikonse ngati munthu wowerenga makobidi omaliza m'thumba, chifukwa analibe mphamvu ina yoti adalire.

TV zakale zija za chimsana kumbuyo zinkajambula chithunzi mzere ndi mzere, kuchokera pamwamba kutsika pansi, ka 50 pa sekondi ku Ulaya ndi ka 60 ku America. Pa Commodore 64 ya ku Ulaya, mzere uliwonse unkatenga kugunda 63 ndipo chithunzi chimodzi chinali ndi mizere 312. Akatswiri anatulukira kuti ukasintha nambala inayake mu chip cha zithunzi, VIC-II, pa kugunda kwenikweni koyenera, chipcho chimapusitsika n'kuiwala kujambula malire a m'mbali, ndipo umatha kuika zithunzi pamalo pomwe opanga makinawo sankaganiza kuti pangaoneke kanthu. Ukachedwa ndi kugunda kumodzi kokha, chinyengocho chimalephera. Chipcho chinalinso ndi khalidwe lolanda purosesa kugunda pafupifupi 40 pa mzere wachisanu ndi chitatu uliwonse kuti chiwerenge zilembo mu memory. Emulator yomwe sidziwa za kulanda kumeneku imayendetsa bwinobwino mapulogalamu wamba, koma ikapatsidwa sewero lolembedwa mwaukathyali chithunzi chimanjenjemera kapena kung'ambika pakati.

Ichi n'chifukwa chake laputopu yamphamvu kuposa makina akalewo maulendo masauzande imathabe kutentha poyendetsa emulator yolondola. Siikungowerengera mayankho ayi. Ikuyendetsa purosesa sitepe imodzi, n'kuima, n'kuyendetsa chip cha zithunzi sitepe imodzi, n'kuima, chip cha mawu chimodzimodzi, kuti zonse zikumanizane pa mphindi yomwe zinkakumana m'makina enieni. Mu 2015 gulu lina la akatswiri linatulutsa chionetsero chotchedwa 8088 MPH, chomwe chinaonetsa mitundu 1024 pa IBM PC yoyambirira ya 1981 yokhala ndi khadi yojambula zithunzi yotchedwa CGA, khadi yomwe anthu amaikumbukira ndi mitundu inayi yokha pa nthawi imodzi. Chitangotuluka panalibe emulator yomwe inkachiyendetsa molondola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Olemba ma emulator anachita kubwerera kukayeza makina enieni kuti aone chomwe anaphonya.

Nthawi imavutanso mwa njira ina. IBM PC yoyamba inkayenda pa 4.77 MHz, kutanthauza kugunda ka 4.77 miliyoni pa sekondi, ndipo ambiri olemba masewera ankaganiza kuti makompyuta onse azidzayenda chomwecho. Pa makina othamanga sewero lotero limatha musanakhudze n'komwe batani. Mapulogalamu olembedwa ndi Turbo Pascal, chida cholembera mapulogalamu, anali ndi kachidutswa koyeza liwiro la makina poyamba, ndipo mapurosesa atafika cha m'ma 200 MHz nambala yotuluka pa kuyezako inakula kuposa malo oisungira, pulogalamu n'kufa ndi uthenga wakuti Runtime error 200. Mu DOSBox muli njira yochepetsera liwiro mwadala: mukadina Ctrl ndi F11 makina onamizirawo amachedwa, Ctrl ndi F12 amathamanga. Munthu amakhala akusinthasintha mpaka sewero liyende pa liwiro lomwe mwini wake ankaliona pa desiki yake.

Chinthu chomwe ine ndimachikonda kwambiri pa ntchito yonseyi n'chakuti emulator yabwino iyenera kusunga ndi zilema zomwe. Purosesa ya 6502 ili ndi malamulo 151 olembedwa m'buku lake, koma nambala zomwe ingalandire ndi 256. Zotsalazo opanga sanazipatse ntchito, komabe zina zinkachita zinthu mwangozi chifukwa cha mmene mawaya a m'kati anayalidwira, ndipo anthu atazitulukira anayamba kuzigwiritsa ntchito. Wotsanzira amene angotsatira bukulo ndiye kuti waphonya makina enieniwo. Pofuna kuthetsa mikangano yotere, gulu la Visual6502 linasungunula chikuto cha chipcho, n'kujambula m'kati mwake ndi maikulosikopu, n'kulondola matransista onse 3510 mmodzimmodzi, ndipo mu 2010 linaonetsa chithunzi chamoyo cha purosesayo chomwe munthu amatha kuona magetsi akuyenda m'njira zake.

Mawu ndiye amavuta koposa. Chip cha SID cha mu Commodore 64, chomwe anachipanga ndi Bob Yannes, chinali ndi mawu atatu ndi sefa yosalaza kamvekedwe. Sefayo sinali ya manambala okhaokha, inkadalira mmene chipcho chinaphikidwira ku fakitale, moti ma SID awiri a mtundu umodzi wa 6581 samveka chimodzimodzi. Mtundu wotsatira, 8580, unakonza chilema china chomwe oimba ankachigwiritsa ntchito potulutsa mawu a munthu ndi a ng'oma, ndipo pa makina atsopanowo mawu amenewo anangotsala pang'ono kuzimiririka. Tsono emulator itsanzire SID iti? Palibe yankho limodzi, n'chifukwa chake VICE imakulolani kusankha. Sikirini nayo ili ndi nkhani yake. Mitundu ya Apple II inkabadwa chifukwa cha mmene TV za ku America zinkasokonezekera powerenga timadontho toyandikana kwambiri, ndipo ojambula a nthawiyo ankadziwa kuti TV idzasakaniza madontho awo n'kuwafewetsa. Zithunzi zomwezo pa sikirini yamakono zimaoneka zamakonamakona ngati njerwa. Ma emulator ambiri amawonjezera dala kusawala bwino kwa TV yakale kuti chithunzi chibwerere mwakale.

Ena amati kutsanzira ndi pulogalamu sikukwanira, ndipo amagwiritsa ntchito chip cha mtundu wa FPGA, chomwe mawaya ake a m'kati amatha kulumikizidwanso mwatsopano kuti afanane ndi makina akale. Ntchito ya MiSTer ndi yodziwika pa zimenezi. Ubwino wake ndi wakuti zigawo zonse zimayendadi pa nthawi imodzi m'malo mopatsana mpata, koma kulondola kwake kumadalirabe mmene wolembayo anawamvetsera makina oyambirira.

Emulator payokha ndi chigoba. Imafunika ROM, pulogalamu yoyambira yomwe inawotcheredwa mu chip cha makina akale, ndipo apa ndi pamene malamulo amalowerera. Mu 2000 khoti la apilo ku United States, pa mlandu wa Sony ndi Connectix, linagamula kuti kufufuza m'kati mwa makina a kampani ina pofuna kupanga chotsanzira sikunali kuphwanya lamulo. Koma ROM yeniyeniyo imakhalabe ndi mwini wake. Amstrad, yomwe inagula makompyuta a Sinclair, kampani yomwe inapanga ZX Spectrum, mu 1986, inalola kuti ROM ya Spectrum izigawidwa pamodzi ndi ma emulator. ROM ya Amiga, yotchedwa Kickstart, imagulitsidwa ndi kampani ya Cloanto. Microsoft inaika poyera malangizo a MS-DOS 1.25 ndi 2.0 pa tsamba la pa intaneti la GitHub mu 2018, ndi 4.0 mu 2024. Mapulogalamu ena ambirimbiri ali pakatikati: kampani inatha kalekale, palibe akuwagulitsa, koma lamulo likuwatetezabe.

Palinso madisiki. Maginito a pa madisiki akale otchedwa floppy amafooka ndi zaka, nkhungu imamera pa iwo, ndipo makampani ankaika dala timisampha pa disiki kuti isakopedwe, monga malo owerengeka mosiyana nthawi iliyonse. Kukopera mafayilo okha kumasiya timisamphato, ndipo pulogalamu ikaona kuti palibe imakana kuyenda. Osunga zakale amagwiritsa ntchito zipangizo monga KryoFlux ndi Greaseweazle, zomwe zimalemba kusintha kulikonse kwa maginito pa disiki osasamala tanthauzo lake. Makina enieniwo nawonso akufa. Mabatire ang'onoang'ono a pa bolodi amadontha n'kudya njira za kopa, ndipo anthu ambiri atsegulapo Amiga kapena Macintosh yomwe inasungidwa mosamala n'kupeza m'kati mwabiriwira.

Amene amaona ngati zonsezi ndi masewera a anthu osowa chochita aganizire zomwe zinachitikira BBC. Mu 1986, pokumbukira zaka 900 za kaundula wakale wa ku England wotchedwa Domesday, bungweli linasonkhanitsa zolemba, zithunzi ndi mapu kuchokera kwa anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ana asukulu, n'kuziika pa ma LaserDisc awiri owerengedwa ndi kompyuta ya BBC Master. Pofika 2002 makina otha kuwerenga madisikiwo anali atatsala ochepa kwambiri, pomwe kaundula wa 1086 wolembedwa pa zikopa ankawerengekabe. Ntchito ya CAMiLEON, ya mayunivesite a Leeds ndi Michigan, inaonetsa kuti emulator ingathe kuzidzutsa. Lero Internet Archive imayendetsa mapulogalamu akale masauzande ambiri m'kati mwa browser, ndipo tsamba la Infinite Mac limayatsa Macintosh za mibadwo yosiyanasiyana popanda kuika kalikonse pa kompyuta yanu.

Chomwe anthu amapukwa

N'zoona kuti gawo lina la kupukwa kumeneku ndi ubwana chabe. Munthu amene anamva kulira kwa kaseti yolowetsa pulogalamu mu ZX Spectrum ali ndi zaka khumi, akuyang'ana mizere yofiira ndi yobiriwira ngati madzi ikuvina m'mbali mwa TV kenako n'kusanduka yachikasu ndi ya buluu, akamvanso phokosolo amakumbukira chipinda chomwe anakhalamo ndi amene anali naye. Zimenezo palibe angatsutse. Koma pali achinyamata obadwa Windows XP itatuluka kale mu 2001 amene amayatsa Windows 95 mu 86Box n'kuikonda, ndipo amenewa sakukumbukira kanthu. Akuona chinachake chomwe chilipodi.

Tayang'anani batani la mu Windows 95. M'mphepete mwake mwa kumtunda ndi kumanzere ndi mowala, kumunsi ndi kumanja kuli mthunzi, choncho limaoneka lotukuka. Mukalidina kuwalako ndi mthunziwo zimasinthana malo, batani n'kuoneka ngati lalowa m'kati. Simufunika kuuzidwa kuti ichi n'chodina ndipo icho ndi mawu chabe. Pamwamba pa windo pali File, Edit, View, Help, pamalo omwewo mu pulogalamu iliyonse, ndipo liwu lililonse lili ndi chilembo chimodzi chodulidwa mzere kunsi kukuuzani batani la pa kiyibodi loti mudine. Dongosololi silinabwere mwangozi. IBM inalemba malamulo a kaonekedwe ka mapulogalamu otchedwa CUA mu 1987, ndipo Apple inali ndi ake. Macintosh ya 1984 inali ndi sikirini ya madontho 512 m'lifupi ndi 342 kutsika, yakuda ndi yoyera basi, ndipo Susan Kare ankajambula tizithunzi take m'kabwalo ka madontho 32 mbali zonse. Malo atachepa chonchi, dontho lililonse linkayenera kunena kanthu.

Kenako kunabwera kaonekedwe kosalala. Windows 8 mu 2012 inachotsa batani la Start, anthu anadandaula kwambiri mpaka linabwerera chaka chotsatira. iOS 7 ya pa iPhone mu 2013 inasandutsa mabatani ambiri kukhala mawu opanda malire. Zinthu zinayamba kubisidwa kuseri kwa timizere titatu kapena timadontho titatu. Ine ndimaona kuti apa tinataya chinthu chenicheni, makamaka kwa munthu amene akungoyamba kumene kapena amene maso ake ayamba kufooka. Palinso nkhani ya kuyankha msanga. Mu 2017 katswiri wina, Dan Luu, anayeza ndi kamera yothamanga nthawi yomwe imadutsa kuchokera pomwe chala chadina batani kufika pomwe chilembo chaoneka, ndipo Apple IIe ya 1983 inatenga pafupifupi mamilisekondi 30, kuposa makompyuta ambiri amakono omwe anayeza. Makina akale analibe zigawo zambiri pakati pa chala ndi diso.

Koma chachikulu, ndikuganiza, ndi chakuti pulogalamu yakale inkakhazikika. Munkaigula, n'kuiphunzira, ndipo mawa lake munkaipeza momwe munaisiyira. Manja ankaloweza njira zake mpaka mutu n'kumasuka kuganizira ntchito yeniyeniyo. Alipo alembi amene mpaka lero amalembera mu WordStar, pulogalamu yolembera ya DOS, kudzera mu emulator, chifukwa zala zawo zinazolowera ndipo palibe amene amabwera usiku kudzasuntha mabatani. Commodore 64 inkabwera ndi buku lophunzitsa kulemba mapulogalamu, ndipo munthu mmodzi wakhama ankatha kudziwa ntchito ya malo ofunika onse mu memory yake. Palibe munthu mmodzi amene angadziwe laputopu ya lero motero.

Tisanamizane kuti kale zonse zinali bwino. Dzina la fayilo mu DOS silinkapitirira zilembo zisanu ndi zitatu, kuwonjezerapo zina zitatu za kumapeto. Anthu ankataya madzulo athunthu akusintha mafayilo oyatsira makina otchedwa CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT kuti apeze malo okwanira mu 640K yoyambirira, kenako n'kulimbana ndi manambala a khadi ya mawu ya Sound Blaster. Pulogalamu imodzi ikafa pa Macintosh yakale pankabwera kachithunzi ka bomba ndipo ntchito yonse yosasungidwa inkapita. Kaseti inkatha kulira mphindi zinayi n'kulephera kumapeto. Zilembo za zinenero zambiri za padziko lapansi kunalibe, ndipo ŵ simukanaipeza pa zilembo zomwe IBM PC inkabwera nazo. Emulator imachotsa zowawa zambirizi: kaseti imalowa m'kuphethira kwa diso, ndipo mungathe kuumitsa makina onse pamene ali n'kudzawapitiriza mawa. Zakale zomwe timakumana nazo mu emulator ndi zopetedwa kale, mankhusu atauluka. Komabe zomwe zatsala m'lichero ndi zenizeni, ndipo wopanga mapulogalamu wa lero angaphunzirepo zambiri atakhala ola limodzi akugwira ntchito mu System 7 ya Macintosh kapena Windows 3.1, osati kungoyang'ana zithunzi zake.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mapulogalamu a m'badwo wathu uno. Kampani ya Adobe itasiya Flash, pulogalamu yoyendetsa zojambula ndi masewera pa intaneti, kumapeto kwa 2020, zojambula ndi masewera ambiri a pa intaneti anapulumuka chifukwa mafayilo ake analipo ndipo anthu odzipereka analemba chotsanzira chotchedwa Ruffle. Sewero la pa kaseti la 1984 nalonso lili lonse pa kasetiyo: mukakopera kasetiyo mwakopera chinthu chathunthu. Koma mapulogalamu ambiri omwe tikugwiritsa ntchito lero ali ndi theka lokha pa foni kapena laputopu yathu. Theka linalo lili pa makompyuta akutali a kampani otchedwa ma server, palibe wakunja amene analionapo, ndipo limasintha sabata ndi sabata. Munthu wa mu 2060 adzatha kutsanzira purosesa ya foni ya lero mpaka kugunda komaliza. Adzayatsa pulogalamuyo, chizindikiro cha kampani chidzaoneka bwinobwino, kenako kabwalo kadzayamba kuzungulira pakati pa sikirini, kufunafuna server yomwe inazimitsidwa zaka makumi atatu m'mbuyomo.